Papo Lobooka ndi Nkhunda Yochokera ku Barcelona

Loboti inagwira ntchito yake bwino. Inalowetsa tizala tachitsulo m'chifuwa cha a Firmin, n'kudula chigawo cha papo chomwe chinali ndi chotupa. Koma papo lotsalalo linakana kumatana. Paipi inatuluka m'nthiti kupita m'kabokosi kamadzi pansi pa bedi, ndipo mdalayo akangotsokomola, madziwo ankachita thovu ngati mowa wothira kumene.

"Likutayabe mpweya," anatero Dokotala Maertens, mayi woyendetsa lobotiyo. "Sindikudabwanso. Ndinu mwamuna, ndinu woonda ngati sipoko ya njinga, fodya munayamba musanamere ndevu, kuwonjezera apo fumbi la nkhunda. Papo lanu lasanduka pepala lonyowa, msoko sugwira."

"Umunawo musaukhudze, adokotala. Zinazo tikambirana."

Nkhani inali pa Lamlungu. Nkhunda yawo yaimuna, Kaputeni, inali itatumizidwa kale ku Barcelona kumpikisano waukulu wa nkhunda zouluka kubwerera kwawo, ndipo mudzi wonse unkadziwa matama ake: kufika imafika msanga, koma imatera padenga n'kuyamba kupesa nthenga. Pampikisano, nkhunda yosalowa m'khola ndiye kuti sinafike. Kaputeni ankalowa akamva mluzu wa a Firmin basi, uja wa zala ziwiri m'kamwa.

"Ndikaimba ine mluzuwo," anatero akazi awo, a Godelieve.

"Inu? Wanuwo umaitana agalu a eni ake."

"Ndiye kafeni. Nkhundazo ndidzaphikira anthu pamaliro panu."

A Firmin anavuta kuti awatulutse m'chipatala, anakana chakudya, anamutcha namwino wapolisi, mpaka dokotala anatopa. Anawachotsera kabokosi kaja n'kuwaikira kavavu kakang'ono kumapeto kwa paipi, kotulutsa mpweya koma kosaulowetsa.

"Pitani. Koma m'khola ayi, mluzu ayi. Mukakankha mpweya mwamphamvu bowolo likula, ndipo ulendo uno si loboti, ndikutsegulani ndi mpeni."

"Ndamva, mayi. Ndine mwana womvera."

Lamlungu masana a Firmin anali khale pampando pabwalo kwawo, bulangete pamaondo, maso kumwera. Kadontho kanaoneka kumwamba, kanakula, kanazungulira nsanja ya tchalitchi. Kaputeni uyo, tere padenga, n'kuyamba kupesa nthenga.

A Godelieve anagwedeza chitini cha chimanga. Anaimba kamluzu kawo. Galu wa kuseri kwa mpanda anayankha.

"Inu a Firmin, ndikuwona zalazo. Zibwezeni m'bulangete!"

Zala zinali kale m'kamwa. Mluzu unang'amba bwalo, ndipo kavavu kam'nthiti kanalira ngati bakha wopondedwa. Kaputeni anapendeketsa mutu, anadumpha, n'kulowa.

A Firmin anafuna kuseka koma mpweya unaperewera. Khosi linayamba kutupa ndi mpweya wothawa m'papo, ukaligwira linkalira tsekeretseke ngati masamba ouma. A Godelieve anangokatenga makiyi a galimoto.

"Tiyeni ku mpeniwo," anatero mdalayo, liwu lililonse akuchita kulikoka. "Koma mudzere komwera mowa oweta nkhunda, mwapang'onopang'ono, zenera lotsegula. Andione."