Kubwerera Mzere Umodzi

Amayi anga ndi ouma mutu, ndipo matenda sanawafewetse. Sitiroko inawalanda dzanja lamanja ndi theka la mawu, koma makani inawasiyira onse. Ndiye atamva kuti holo yatsopano ya sukulu itsegulidwa Loweruka, anamenya tebulo ndi dzanja lamanzere n'kunena kuti pemphero lotsegulira anena okha, pamtima, ataimirira.

Ine ndinakana kwamtuwagalu. Munthu amene m'mawa womwewo anavutika kutchula supuni mpaka anangoiloza, akaime pamaso pa makolo odzaza holo? Ndinkaona kale mmene ziti zithere: amayi atasowa mawu pakati pa pemphero, anthu akuwajambula pa mafoni, ena akupukusa mitu mwachisoni. Mayi amene anaphunzitsa ana a anthu kulankhula, akumbukiridwe ali kakasi? Zimenezo mtima wanga sukanapirira.

Sukuluyi inabadwira m'galaja mwathu. Bambo anali makaniko, ndipo anakankhira panja galimoto ina yomwe inakana kulira kuyambira ndili khanda, kuti akazi awo apeze poyambira. Amayi anali atasiya uphunzitsi kwina chifukwa chotopa ndi ana okhoza mayeso koma osatha kufotokoza chimene akhozacho. Iwo ankafuna mwana aloweze zinthu zabwino akadali wamng'ono, akamasinkhuka aphunzire kutsutsa mnzake popanda kumutukwana, kenako adziwe kuima pagulu n'kunena zomveka. Anawonjezapo Chilatini, malemba ndi nyimbo, ndipo Mulungu anamuika pakati pa zonsezo. Anansi ankafa ndi phwete. Ankati kunyumba kwa makaniko ana akulankhula chinenero cha anthu akufa uku akununkha oyilo.

Tinalipo ana ochepa, okwana pa mabenchi awiri a matabwa osanjikidwa pa matayala. Bolodi inali chitseko chakale chopakidwa penti yakuda. Lachisanu lililonse mwana aliyense ankaimirira n'kunena pamtima zimene waloweza, ndipo apa ndi pamene mlongo wanga wamng'ono ankaonera zakuda, chifukwa anali wachibwibwi. Akakodwa pa liwu, ena ankaseka, ena achifundo ankamunong'oneza. Amayi analetsa zonse ziwiri. Anati mwana akakodwa, tiyambe tadikira. Zikakanikadi, tonse tibwerere mzere umodzi m'mbuyo, tiunene pamodzi motsitsa mawu, ndipo tikafika pamene iye waima, titseke pakamwa.

"Musamunenere," ankatero. "Muperekezeni mpaka pakhomo, alowe yekha."

Mlongo wangayo lero ndi loya, ndipo kumuletsa kulankhula ndi ntchito.

M'galaja tinapanikizana, sukulu inasamukira ku zipinda za kuseri kwa tchalitchi. Kumeneko nakonso kunachepa, inakalowa m'nyumba ina yosungiramo katundu pafupi ndi depoti, komwe ana ankaloweza Chilatini mopikisana ndi mahutala a mabasi. Kenako inapeza malo ake, nyumba yosanja, laibulale, ngakhale basi yakeyake. Amayi atadwala, komiti inabweretsa ahedi atsopano, mnyamata wa tayi ndi laputopu, woyenda ngati wachedwa ndege. Ine ndi telala, mayunifomu a sukuluyi ndimasoka ndine, ndiye ndinkamuona ndikabwera kudzayeza ana. Kumbali ndinkamutcha Bwana Tayi. Ndinkauza aliyense wofuna kumva, ndi osafuna omwe, kuti sukulu yakula thupi koma mtima unatsala m'galaja.

Komabe Lachinayi ndinameza malovu n'kukagogoda ku ofesi yake. Ndinamupempha kuti awerenge yekha pempherolo, amayi angokhala pampando wolemekezeka, awaombere m'manja basi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati pempherolo analipeka ndi amayi, akhala akulinena pa kutsegulira kulikonse kuyambira m'galaja, ndipo iye alibe mphamvu yowalanda. Ndinamufunsa kuti nanga akakodwa atani.

"Akakodwa, akodwa, mayi. Si oyamba kukodwa pasukulu pano."

Ndinatuluka ndikuwira ndi ukali. Ndinaimbira mlongo wanga kuti andithandize, nayenso anangoti ndiwasiye amayi. Ndinamuuza kuti ndi zosavuta kulankhula choncho munthu amene sawasambitsa.

Loweruka linafika. Holo inkanunkha penti, mipando yapulasitiki itandandalikidwa mpaka kukhomo. Ana aang'ono anakhala kutsogolo, miyendo ikulendewera, akuluakulu kumbuyo kwawo, makolo m'mbali ndi mafoni m'manja. Amayi ndinawasokera diresi ya zipi kutsogolo kuti azitha kuvala ndi dzanja limodzi, ndipo anaivala okha, osalola kuti ndiwakhudze. Anakwera masitepe ndi ndodo yawo pang'onopang'ono. Ahedi anawatsitsira maikolofoni n'kubwerera m'mbuyo, manja kumsana.

Amayi anayamba bwino moti ndinadabwa. Mawu ankatuluka olemera, okokera mbali imodzi, koma omveka.

"Ambuye, tabwera ndi mitu yopanda kanthu. Tiphunzitseni kufunsa popanda mwano, kuyankha popanda bodza..."

Anaima pamenepo. Milomo inkayenda koma liwu osatuluka. Anayesanso, kunangomveka mpweya mu sipika.

Mayo ine! Ndinayang'ana mlongo wanga pambali panga kuti achitepo kanthu, poti mwambo uja unayambira pa iye. Loya wathu anali kukamwa yasa, chibwano chikugwedera, misozi ili chuchuchu. Chibwibwi chomwe chinamusiya kalekale chinamupezanso tsiku lomwelo. Ndinayang'ana ahedi. Anangoima chilili, manja akadali kumsana, ngati palibe chikuchitika. Mumtima ndinamunena mawu oti sindingabwereze pano. Wina anatsokomola. Bambo wina kutsogolo kwanga anatsitsa foni yake n'kuyang'ana pansi. Ndinagwira mpando kuti ndidzuke, ndikawatenge amayi anga ndiwachotse pamaso pa anthu.

Ndisanaongoke, kutsogolo kunamveka timawu ta ana aang'ono aja, motsitsa, osathamanga. Akuluakulu kumbuyo kwawo analowamo, aphunzitsi nawonso, ndipo ndinaona milomo ya ahedi ikuyenda limodzi nawo. Sukulu yonse inabwerera mzere umodzi.

"Kuyankha popanda bodza..."

Ndipo onse anatseka pakamwa nthawi imodzi. Mzere wotsatira ankaudziwa mwana aliyense m'holomo, koma palibe anaunena.

Amayi anakweza mutu n'kuyang'ana ana aja. Anakoka mpweya.

"Ndi kukonda choona," anatero, liwu limodzilimodzi, "ngakhale chitiwawe. Ameni."

Holo yonse inayankha ameni. Ine ndinangogwera pampando, manyazi ndi chimwemwe zitandigwira pamodzi.

Mwambo utatha ndinamupeza Bwana Tayi akupinda waya wa maikolofoni. Ndinamufunsa kuti anawakonzekeretsa liti anawo. Anati sanawakonzekeretse. Amachita zimenezo Lachisanu lililonse m'kalasi iliyonse, ndipo mphunzitsi watsopano akabwera, chinthu choyamba kumuphunzitsa ndi kudikira. Iyenso anaphunzitsidwa ndi amayi ali m'chipatala, pamene ankakawaona ine nditapita kukasoka. Anati tsiku loyamba anawamalizira chiganizo, iwo n'kumumenya ndi supuni padzanja. Ndinangomuuza kuti tayi yake yapendekeka.

Pobwerera kunyumba mlongo wanga ankayendetsa, akuminabe. Amayi anakhala kutsogolo, ndodo pakati pa miyendo, akuyang'ana basi ya sukulu ikutuluka pageti itadzaza ana. Tinayenda kamtunda ndithu. Kenako amayi anatembenuka movutikira n'kundiyang'ana.

"Iwe sunabwerere nawo," anatero.

Ndinawauza kuti pakhosi panali patatseka, mawu anakana kutuluka.

Anagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene wamva chifukwa chimenecho kambirimbiri.

"Lachisanu ubwere m'kalasi. Ana akuperekeza."

Lachisanu ndinatseka shopu masana, tepi yoyezera ndinaisiya pa mashini, ndipo ndinakakhala pa benchi ya kumbuyo m'kalasi ya ana aang'ono aja.