Nsanza za Pamitengo ya Maapozi

"Mitengo ya kumtunda ndi ya Mzime," anatero abambo aang'ono, maso ali pansi. "Ya kumunsi, ija yomangidwa nsanza, ndi yako iwe Wachisamba. Ndi mmene achimwene ananenera asanatsirizike."

Wachisamba anali akupukuta makapu amene anthu apamaliro anamwera. Anayika kapu patebulo pang'onopang'ono.

"Munamva bwino, bambo? Munthu akamadwala lilime limaterereka."

"Anachita kubwereza, mwanawe. Anati mitengo ya kumtunda imadzilera yokha, ngakhale munthu wosasamala sangaiphe. Ya kumunsi ikufuna munthu wosachoka pakhomo."

Aliyense m'nyumbamo ankadziwa tanthauzo lake. Kumtunda kunali maapozi obiriwira, a khungu lolimba, amene nthenda ya ufa woyera inkangowalambalala. Kumunsi kunali ofiira, okoma koma ofooka. Ikangotuluka mphukira, ufa uja unkayala pamasamba, masamba n'kupinimbira, maluwa n'kuyoyoka. Munthu unkayenera kudula nsonga zodwala ndi kupopera mankhwala mpaka msana kuuma, zipatso zake n'kungodzaza madengu owerengeka.

Ntchito imeneyi ndi imene inadya utsikana wa Wachisamba. Ali mtsikana anapeza ntchito m'sitolo ya nsalu m'tauni, koma sabata yonyamukira bambo ake anagona pamphasa akubuula, namupempha kuti ayambe wadikira. Anadikira mpaka imvi. Mzime, mlongo wake wamng'ono, anapita kukayendetsa malole, ndipo mpaka lero sangathe kusiyanitsa mtengo wa apozi ndi pholo la magetsi.

"Achemwali, ine sindinapemphe ayi," anatero Mzime akuseweretsa makiyi. "Koma mawu a malemu sitingawaphwanye."

"Wayamba liti kumvera bambo iwe? Wadikira kuti alowe kaye m'bokosi?"

Mzime anangokanda m'mutu. Zoti agawane mitengoyo sanatchule, ndipo abambo aang'ono anayamba kufunafuna chipewa chawo chimene chinali pabondo pawo pomwepo.

Wachisamba anatuluka natsetserekera kumunsi. Mtima unkamuwawa kuposa tsiku loyika maliro. Mzime sanamudabwitse, ndi mmene analili chibadwire. Amene anamuyenda pansi anali bambo ake, munthu amene iye ankamusambitsa ndi kumudyetsa ndi sipuni.

Anayima pamtengo woyamba. Nsanza zija anazizolowera, ankati ndi zizindikiro za mitengo yofunika kupopera. Zinali zotuwa ndi dzuwa. Mwaukali anagwira imodzi kuti ayichotse, koma mfundo ya malemu inali yosamasula mwachibwana. Analimbana nayo ndi zikhadabo, kenako ndi mano, mpaka inagonja.

Mkati mwa mfundo, momwe dzuwa silinafike, nsaluyo inali ikadali yabuluu, ya timaluwa toyera. Wachisamba anaizindikira nthawi yomweyo. Inali diresi imene anasoketsa kuti akayambire ntchito m'tauni. Inasowa sabata yomwe ija bambo ake ankabuula, ndipo iwo anati makoswe ayiwononga, ayitaya.

Anayang'ana mzere wonse. Mtengo uliwonse wa kumunsi unali ndi kachidutswa kake. Ndiye kuti gawo lake bambo ake anamugawira kalekale, chaka chomwe chija, n'kumadya naye mbale imodzi osanena kanthu.

"Iume," anatero mokweza. "Iume yonse, ine ndikupita."

Akutembenuka, diso lake linagwa pakansonga kotuwa ngati kathiridwa ufa. Asanaganize n'komwe, zala zinali zitakabudula kale. Sanakataye pansi. Anakakulunga m'kansanza kabuluu kaja kuti ufawo usaulukire mitengo ina, monga bambo ake anamuphunzitsira, ndipo maso ake anali atapeza kale nsonga ina panthambi yotsatira.