Tsango Loyamba la Luzmila

Mtengo wa Luzmila unali waufupi kuposa mitengo yonse ya kokonati pakhomo pathu. Unali kuseri kwa khitchini, pafupi ndi pamene Bambo ankayanika maukonde. Pansi pake ndi pamene Amayi anakwirira mchombo wake utangogwa, monga anakwirira wanga pansi pa mtengo wautali wa kudooko. Kwathu aliyense ali ndi mtengo wake, ndipo tsango loyamba munthu wina salawa mwini wake asanamwe.

Chaka chimene mlongo wangayu anakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, mtengowo unabereka. Anali makokonati achikasu, asanu ndi mmodzi akuluakulu ndi kamodzi kotsalira m'mbuyo. Akadali aang'ono, Luzmila anandiuza kuti ndimunyamule pamapewa, ndipo anawajambula onse maso ndi pakamwa ndi msomali.

"Amenewa ndi ana anga," anatero. "Kakang'onoka ndi inu achimwene. Onani, sikayankhula."

M'mawa uliwonse ankakoka Bambo pa malaya kupita nawo kumtengoko. Bambo ankagogoda kokonati mmodzi ndi chala, khutu atatchera.

"Dikira pang'ono, mayi. Madzi alimo, koma sanayambe kutsekemera."

Luzmila sanadikire mpaka tsikulo. Anayamba kutentha thupi, kenako kusanza, ndipo Lolemba lina Amayi anakwera naye boti kupita kuchipatala cha m'tauni, ulendo wa maola atatu. Pakhomo tinatsala awiri, ine ndi Bambo.

Lachinayi titaweruka, anzanga awiri a m'kalasi anabwera kwathu kuti tilembere limodzi ntchito ya kusukulu. Wina anali Eider, mnyamata wapakamwa amene sukulu yonse inkamudziwa. Winayo anali Yurani, mtsikana amene ndinakhala kumbuyo kwake zaka zitatu osamuuzapo mawu opitirira moni. Bambo anali kunyanja. Mvula inali itangokata, dzuwa n'kubwera laukali, nthaka ikufuka nthunzi.

"Ludzu lindipha ine," anatero Yurani akudzikupiza ndi kope.

Eider anayang'ana m'mwamba. "Ludzu pakhomo pa Wilmar, mitengo yonseyi? Aise, takwera utitsitsire anthete."

Ine sindinkatha kukwera. Ana a zaka khumi kwathu amathamanga pa thunthu la kokonati ngati akuyenda pamsewu, koma ine ndikangofika pakati ndinkachita mantha n'kutsika.

"Musiye," anatero Yurani. "Mwina watopa."

"Watopa chiyani? Ameneyu amakwera masamba a buku okha. Ukadzakwatiwa naye uzidzamwa madzi a m'chithaphwi."

Yurani anaseka pang'ono, dzanja lili pakamwa. Kuseka kumeneko n'kumene kunandiimiritsa. Ndinatenga chikwanje cha Bambo n'kuzungulira kuseri kwa khitchini. Ndinakwera pa mgolo wa madzi, ndipo tsango lija linali pamphumi panga. Ndinatema kamodzi kokha.

Nditabwera nalo, Yurani anandiyang'ana mokayika.

"Kuseriko si kumene kuli mtengo wa Luzmila?"

"Ayi," ndinatero. "Wake ndi wina."

Ndinagwira kokonati woyamba ndi dzanja lamanzere, nkhope yake nditaiyang'anitsa kwa ine. Posenda ndinayambira pomwepo, maso ndi pakamwa zinagwera pansi m'kachikhoko kamodzi, ndipo ndinakaponda. Kutema kwina kutatu kopendeketsa, mutu unasongoka n'kuyera. Nditadula kansonga, madzi anatumphuka mpaka kunyowetsa malaya anga. Kutsegula kokha ndinkakutha bwino, ndipo Yurani anaona.

"Eee, koma ndi okoma awa!" anatero atamwa. "Sindinamwepo otsekemera chonchi."

Aliyense anamwa awiri. Ndinawang'amba pakati, n'kusema timasupuni pa makoko omwewo, ndipo tinakokota mnofu wofewa ngati phala. Ine ndinamwa nawo. Zimenezi sindingazibise. Atapita, ndinatola makoko onse n'kuwaponya mumtsinje madzi akuphwera kunyanja. Kakang'ono kaja ndinakathothola pa tsango n'kukaika m'chikwama changa cha sukulu, sindikudziwa chifukwa chake.

Bambo anafika dzuwa litapendeka. Sanatsuke n'komwe bwato. Anakhala pa masitepe, foni ili m'manja.

"Amayi ako aimba. Mwana uja sakumwa chilichonse, akangomwa akubweza. Akungolirira makokonati ake." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Mawa tikwera boti ya m'mawa. Ukadule tsango lija. Ulitsitse ndi chingwe, lisagwe pansi, akasweka m'kati madzi amasasa."

"Chabwino, Bambo."

Kusukulu tinaphunzira za tizilombo toyambitsa matenda, ndipo mayeso ake ndinakhoza kuposa onse. Ndinkadziwa kuti chikwanje sichingadule mwana ali kutali maola atatu. Komabe ndinafunsa nthawi imene anayamba kubweza madzi.

"Akuti cha m'ma thuu koloko. Bwanji?"

"Palibe."

Ndinazemba kupita kwa a Arcadio, mkulu wa kutsidya kwa kamlatho, yekhayo amene anali ndi mitengo yachikasu ngati wa Luzmila. Ndinawapeza akunola mpeni.

"Tsango lathunthu? Iwe mwana wa Evaristo, wapeza chibwenzi eti? Ukayamba ndi kokonati umathera kumanga nyumba, udziwe."

"Ndi za odwala, madala."

Anasiya kuseka. Anadula okha tsango labwino, n'kulitsitsa pang'onopang'ono ndi chingwe.

"Umuuze kamayiko achire msanga, anandilonjeza kuti adzakwatiwa ndi ine."

Kuseri kwa khola la nkhuku ndinatenga msomali n'kujambula nkhope zisanu ndi imodzi. Ndinapaka dothi m'mizeremo kuti ioneke yakale. M'mawa Bambo anapeza thumba lili chimangire pakhomo, ndipo anandigwira paphewa.

"Walawira. Wachita bwino."

M'boti ndinakhala thumba lili pakati pa miyendo, chikwama pamsana. Mayi wina wogulitsa nkhanu anafunsa ngati makokonatiwo ndi amalonda. Bambo anayankha monyadira kuti ndi tsango loyamba la mwana wawo wamkazi, ndipo anthu onse m'botimo anasuntha mapazi kuti asaliponde.

Luzmila anali atachepa. Milomo inali itang'ambika, padzanja atamulumikiza kapaipi ka madzi. Amayi anali pampando pambali pake, maso ali psuu. Namwino analola kuti amwe pang'onopang'ono, koma anati chikwanje chisalowe m'chipinda. Bambo anatulutsa kokonati mmodzi m'thumba.

"Taona ana ako abwera, mayi. Sankha woti ndikakutsegulire."

Luzmila anamuika pamimba n'kumutembenuza. Anayendetsa chala m'mizere ija. Kenako anapempha wachiwiri, ndi wachitatu.

"Si anga awa."

"Ndi ako, mwanawe," anatero Amayi. "Si izi nkhope unajambula?"

"Anga anakula ndi nkhope zawo. Pakamwa panatambasuka, ankaseka. Awa sakuseka." Anayang'ana chala chake chimene chinali ndi dothi. "Ndipo kakang'ono kali kuti?"

Zimenezo sindinaziganize. Chipsera cha pa kokonati wamng'ono chimakula limodzi naye, chimauma n'kutambasuka. Mizere yanga inali yopyapyala, yadzulodzulo. Bambo ananyamula mmodzi n'kupita naye pawindo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Wilmar."

Ndinavula chikwama, n'kutulutsa kakang'ono kaja pakati pa makope. Kankhope kake kanali pomwepo, kakamwa kotseka, kotuwa.

"Ndinadula dzulo," ndinatero. "Kunabwera anzanga. Awa ndi a kwa a Arcadio. Katsala ndi aka kokha."

Amayi anagwira pakamwa. "Dzulo? Nthawi yanji?"

Mayi wa pabedi loyandikana anatembenukira kukhoma.

Ndinkayembekezera kuti Bambo andimenya pomwepo, ndipo zikanandipepukira. M'malo mwake anandipatsa chikwanje chokulungidwa m'nsalu.

"Pita panja ukatsegule. Usatayepo dontho."

Ndinakhala pa mwala kuseri kwa chipindacho. Kokonati wosafika amakhala ndi chigoba chofewa, ukatema mwamphamvu chikwanje chimapyola n'kutaya zonse. Ndinasenda pang'onopang'ono, kuzungulira, nkhope ndikuisiya. Kabowo nditakatsegula, madzi sanatumphuke. Anali m'munsi, osadzaza ngakhale kapu yaing'ono.

Amayi anamudzutsa mutu. Luzmila anamwa kamodzi n'kukwinya nkhope.

"Ndi owawasa."

"Anali asanafike, mayi," anatero Bambo. "Imwa basi."

Anamwa onse, pang'onopang'ono, ndipo tinakhala tikudikira kuti abweza. Sanabweze. Anapempha kuti timung'ambire adye za m'kati, koma munalibe kanthu, mnofu unali usanayambe n'komwe. Anagona chagada, kachigoba kaja atakakumbatira.

"Achimwene."

"Ee."

"Anamwa ndani ana anga?"

"Eider. Ndi Yurani. Ndi ine."

"Anali okoma?"

Ndikanatha kunama kachitatu. Amayi ankandiyang'ana ngati akundipempha kuti ndiname.

"Anali okoma kwambiri," ndinatero.

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankadziwa kale, n'kutseka maso.

Makokonati a a Arcadio Bambo anandiuza kuti nditsegule onse ndigawire odwala ena. Ndinayenda bedi ndi bedi, anthu akundithokoza, gogo wina mpaka kundidalitsa kuti ndine mwana wamtima wabwino. Pobwerera m'boti Bambo anakhala moyang'ana kumadzi. Titafika anapita okha kuseri kwa khitchini, ndipo ndinawaona ataima pansi pa mtengo uja akuyang'ana pamene ndinatema.

Luzmila anatuluka m'chipatala patapita masiku asanu ndi anayi. Adokotala anati mankhwala anagwira ntchito. Amayi amati ndi kakokonati kaja. Za ola limene ndinadula tsango sitinakambiranepo mpaka lero. Yurani anamva nkhaniyi kwa mayi wa nkhanu uja, amene anaitola kuchipatala, ndipo Lolemba lake anasamukira mpando wa kutsogolo.

Mwezi wotsatira tsango lachiwiri linali litayamba kuoneka bwino, timakokonati tisanu ndi tinayi tosalala. Ndinapeza Luzmila ataima pansi pake, khosi atapinda. Ndinatola msomali pa khoma la khitchini n'kugwada kuti akwere pamapewa.

"Bwera, ukawajambule."

Anayang'ana msomaliwo, n'kuyang'ananso m'mwamba.

"Asiyeni choncho," anatero. "Amenewa ndi makokonati chabe."

Anapita kukathandiza Amayi kusenda nthochi. Ine ndinatsala chigwadire, msomali uli m'manja.