Foda ya Mwandida

1.
Mutu wa kafukufuku ndi umodzi: mphamvu za pulezidenti zimalekezera pati. Ophunzira ndi awiri, Ndaziona ndi Mwandida, ogona chipinda chimodzi. Mphunzitsi wawo, Dokotala Kachere, anati Lachisanu avomereza mmodzi yekha, amene abwere ndi zolemba za akatswiri zokwanira. Winayo akayambirenso.

2.
Pakompyuta ya mulaibulale Ndaziona analemba mawu m'nkhokwe ya zolemba, nadina. Zapezeka: zikwi makumi anayi. Anawonjezera mawu. Zapezeka: palibe.

3.
Koma Mwandida akangoti khale a Chikaonda oyang'anira laibulale amabwera okha osaitanidwa n'kumamuonetsa kuti mawu awa mulumikize chonchi, apa musankhe zaka, apa musankhe zokhazo zimene akatswiri anaziunika, ndipo zolemba zimangoyoyoka ngati mango akupsa, za pulezidenti ndi makhoti, za pulezidenti ndi aphungu, za pulezidenti wokana kuchoka pampando, chonsecho mutuwu anayamba kuuganiza ndi Ndaziona amene akakweza dzanja amangouzidwa kuti tadikirani pang'ono achemwali

4.
Nsanje. Tisazungulire, inali nsanje.

5.
Zimene Mwandida ali nazo:
Chingelezi chosapunthwa
tulo tabwino
a Chikaonda
zolemba

6.
Wapeza zingati? anafunsa Mwandida akupesa tsitsi.
Zambiri, anatero Ndaziona.
Ukuonekatu wotopa, aise.
Ndili bhobho. Samala zako.

7.
Lachinayi. Pachitseko panamatidwa chidziwitso: mwayi wolowa m'nkhokwe ulere utha lero masana. Unathadi. Mwandida anapita kukadya, kompyuta ya pakona n'kuisiya yosatseka, foda ili poyera. Zolemba makumi anayi ndi zitatu.

Iwe Ndaziona, chala chakocho chikufuna chiyani pamenepo? Wayang'ana kumanzere. Wayang'ana kumanja. Wafufuta. Wakhuthula ndi bini yomwe.

8.
Zapezeka: palibe. Kwa nthawi yoyamba mawuwa anamukomera. Ngati n'kugwa, tigwe tonse.

9.
Anakumana pamasitepe, Mwandida akupukuta m'manja, nkhope ili mwee.

Aise, ndimakusakatu, anatero Mwandida. Ine mutu uja ndinausiya, ndikulemba za makhansala, a Kachere anavomera Lolemba. Ndimaona ukuvutika koma iwe kupempha sumatha, ndiye sabata yonseyi ine ndi a Chikaonda timakusonkhanitsira iweyo. Tamaliza ndendende nkhokwe isanatseke. Zonse zili pakompyuta ya pakona.

Anamugwira dzanja n'kuyamba kumukokera m'mwamba.

Tiye. Fulashi yoti ukoperemo uli nayo?