Nsapato za a Kristina

Mayi Bushra anandiuza Lolemba. Chithunzi cha mayi wopeta nandolo chikapanda kufika Lachisanu, dzina langa alichotsa pa chionetsero. Khoma apatsa wina.

Mayiwa ndi eni nyumba yoonetsera zithunzi ku Blantyre. Ndawalondola zaka zinayi. Zojambula zanga zonse anaziona, n'kumangopukusa mutu. Kenaka anaona ichi pafoni yanga. Anati wofuna kugula alipo kale. Chamukoka ndi mapazi. Opanda nsapato, ang'alung'alu, otuwa ndi fumbi.

Ndinabadwira ku Ndirande. Zaka ndadutsa makumi anayi. Ndagulitsapo zithunzi m'misewu ya Lusaka, Tete, Joni. Pansi, mwala pamwamba kuti mphepo ingaulutse. Pakhoma sindinafikepo.

Koma chithunzicho chinali ku Namitambo.

Ndinachijambula chaka chatha, nyengo ya nandolo. Ndinkangoyenda. Ndinapeza a Kristina akupeta pabwalo, ndinapempha kuti ndiwajambule. Anaseka, nandifunsa ngati ku tauni akazi anatha. Anandipatsa masiku atatu. Penti wa mafuta sauma msanga, m'minibasi akanafufutika. Ndinachisiya kwa amuna awo, a Francisko. Ndinati ndibwera pakatha milungu iwiri. Ndinalowera ku Tete. Inakwana miyezi khumi.

Lachitatu ndinakwera minibasi ku Limbe. Kenaka njinga yamoto ya kabaza, mpaka pakhomo.

A Francisko anandizindikira ndili patali. Anatulutsa mpando. Moni unatalika. Ndinafunsa za amayi. Anayang'ana pansi. Anati anatisiya m'mwezi wa Meyi, atangodwala masiku anayi.

Ndinapepesa, ndipo zinandikhudzadi. Koma ndisaname, maso anga anali pachitseko.

Tinalowa. Chithunzicho chinali pakhoma, korona atamukoleka pamwamba.

M'chithunzimo a Kristina tsopano anali atavala bulauzi yoyera. Duku. Chitenje cha amayi a mpingo. Lichero kunalibe, m'manja munali buku la nyimbo. Kumapazi nsapato zakuda, zonyezimira. M'munsi zilembo zofiira: tsiku lobadwa, tsiku lomwalira. Changa chinangotsala nkhope.

A Francisko anafotokoza mosafulumira. Akazi awo analibe chithunzi chachikulu. Pamaliro pankafunika choika pabokosi. Anatulutsa changacho. Amayi a mpingo anakana. Anati mtsogoleri wawo sangaonekere pagulu ndi chitenje chong'ambika, mapazi ali pamtunda. Anaitana Mikaele, wolemba zikwangwani za magolosale pa Namitambo. Anagwira ntchito tsiku limodzi.

“Anakumalizirani,” anatero a Francisko. “Tinaona kuti nthawi inakucheperani.”

Ndinatuluka panja. Ndinapempha wakabaza andipungulire petulo m'kabotolo. Penti wa Mikaele ndi wopaka zitseko. Petulo amamufewetsa. Akhoza kudyanso wanga wapansi. Njira ina ndinalibe.

Ndinauza a Francisko kuti chithunzi chikufunika ku Blantyre, pakhoma, anthu akachione. Nkhope yawo inawala. Anachitsitsa okha.

Ndinachigoneka pakhonde. Ndinanyowetsa kansanza. Ndinayamba ndi nsapato yakumanzere. Kuda kunayamba kusungunuka. Chala chachikulu chinatulukira. Kenaka chachiwiri, ndi fumbi lake lomwe. Zanga. Zinalipo ndithu. Maola atatu, mwina anayi, ndikanamaliza.

A Francisko anakhala pansi pambali panga. Sanandigwire dzanja. Mawu sanakweze.

“Achimwene, mukuwavula?”

Ndinati anthu a ku tauni akufuna kuwaona mmene analili.

Anavomera. Anati ndi mmene analilidi, sindinaname. Kenaka anati zaka makumi atatu ankawalonjeza kuti nandolo akachita bwino apita nawo ku Blantyre, akawagulire nsapato ngati zimenezi. Nandolo akachita bwino, mtengo unkagwa. Mtengo ukakwera, mvula inkakana. Chaka chamawa, chaka chamawa.

“Tengani, ndi chanu,” anatero. “Koma ku Blantyre kwenikweniko akalowe opanda nsapato?”

Ndinayang'ana kansanza kali m'dzanja. Ndinayang'ana zala ziwirizo. Sindinajambulepo china choposa zala zimenezo. Ndikudziwa.

Wakabaza analiza hutala kumsewu.

Ndinatsegula chikwama. Burashi. Penti wakuda wouma msanga. Ndinabwezera nsapato. Ndinaiwongola kutsogolo, pomwe Mikaele anakhotetsa. Ndinaikapo ndi kalamba komangira. Yakumanja nayo ndinaipatsa kalamba, zifanane. A Francisko anawerama, nayang'anitsitsa. Anati tsopano zakhala zeni zeni, zimene ankazinena.

Ndinajambula pafoni, ndinatumiza kwa mayi Bushra. Mwina. Munthu sudziwa. Yankho linafika tisanamalize kukulunga.

“Ichi n'chiyani, Kalinde? Mapazi aja ali kuti? Usavutike kubwera nacho.”

Ndinaimba. Sanayankhe. Ndinaimbanso. Foni inali itazimitsidwa.

A Francisko anafunsa zimene abwana anena. Ndinati khoma apatsa wina. Sanamvetse bwino. Anafunsa ngati ndiye kuti ulendo walephereka.

Ndinati ayi, bambo. Ulendo ulipo.

Anachikulunga m'chitenje cha malemu. Anamanga ndi luzi, kawiri. Anandiperekeza mpaka kumsewu, akundiuza kuti ndigwire bwino pamabampu.

Petulo wotsala ndinabwezera wakabaza. Anathira m'thanki, nandifunsa ngati zayenda.

Ndinakwera, chithunzi pamiyendo. Khoma ndilibe. Lachisanu a Kristina ndikawaimika pa benchi pakati pa tauni ya Blantyre, osati pansi. Ndikakhala nawo mpaka dzuwa litapendeka. Loweruka ndiwabweza kwawo.