Nambala ya Kulibe

"Mwana sawoloka nyanja amake akusiya tiyi m'kapu," anatero Ambuya Lukonde tsiku limene mdzukulu wawo Mulubwa anabwera ndi kalata ya ku koleji.

Anali pakhonde la nyumba yawo ku Kabwata, akusankha nyemba. Ambuyawa sanapondeko m'kalasi, koma maso anali nawo. Anali ataona kuti mwana wawo, amake a mtsikanayo, amene anthu ankamutcha bana Mulubwa, wogulitsa nsomba zouma pamsika wa Soweto, chitenje chayamba kumuzungulira kawiri. Kapu ya m'mawa inkabwerera kukhitchini ili theka.

Kalatayo inkati ophunzira khumi ndi awiri a masamu apita ku India milungu itatu, pamodzi ndi mphunzitsi wawo ba Ng'andu, kukaona kumene manambala anachokera.

"Kansi manambala ali na kwao?" anafunsa Ambuya.

"Ali nako, Ambuya. Kuli kachisi wakale, pachipupa pake anazokotapo ziro."

"Ziro ndiye chani?"

"Ni nambala ya kulibe. Ngati palibe kanthu, mulemba kozungulila."

"Ndiye ukwele ndeke kukaona kulibe? Bwela nikuonetse mu saka ya unga, mahala, osalipila."

Bana Mulubwa anaseka mpaka kuseka kunasanduka chifuwa. Atapuma anati, "Amai, musiyeni mwana ayende. Ine nakalambila pa thebulo ya nsomba. Ichi ni chimfine chabe."

Tsiku la ulendo Ambuya anagwira chikwama cha mtsikanayo pageti. "Yang'ana manja ya amai ako, Mulubwa. Yang'ana bwino. India sithawa."

"Masabata yatatu chabe, Ambuya. Imwe muyopa na mthunzi wanu."

Galimoto inanyamuka.

Patapita sabata ndi masiku awiri, bana Mulubwa anagwa pamsika, pakati pa madengu. Azimayi anzawo anawanyamula kupita nawo kuchipatala. Anagonako masiku awiri, lachitatu anatsirizika.

Kumupeza Mulubwa kunali kovuta. Foni yake inakana kugwira ntchito kumeneko, ndipo ankaimba yekha akabwereka ya mnzake. Amalume ake, ba Kabwe, anapereka foni ya malemu kwa Ambuya. "Akatuma foni, mumuuze ndimwe, amai. Mau yanu azayamva."

Foniyo inalira m'mawa mwake, azimayi a kutchalitchi akuimba m'nyumba. Ambuya anapita nayo kuseri, pafupi ndi mpopi, kuti nyimbo zisamveke. Kwawo ku Luapula anakula akumva kuti wapaulendo samuponyera maliro ngati mwala. Angakomoke pamsewu, angathamangire m'galimoto, ndipo pakati pa alendo amugwira ndani? Umasankha mawu ofewa, wanzeru amamva yekha.

"Ambuya, shani, muli bwanji? Nipatseniko amai."

"Amai ako kulibe, mwana wanga."

"Ayenda kale ku Soweto? Aa, baja na nsomba zao. Muwauze kuti naiona ziro. Kang'ono, Ambuya, monga diso ya kansomba ka kapenta. Tinaima pamzele kuti tiione, ba Ng'andu mpaka misozi. Zaka zopitilila sauzande ili paja."

"Mulubwa, nati kulibe."

"Namvela. Nizatumanso futi. Mnzanga afuna foni yake."

Mawu anaduka. Ambuya anaima pamenepo, madzi akudontha pampopi. Ba Kabwe atawafunsa, anayankha kuti, "Namuuza." Sanali kunama. Mumtima ankadziuza kuti mwana wamva, kungoti walimba mtima pamaso pa anzake. Kunena zoona, ankaopa kuganiza zina.

Anamudikira Mulubwa masiku anayi. Achibale ochokera ku Mansa anayamba kung'ung'udza kuti ana a sukulu ndi otero, akakwera ndeke amaiwala bere limene anayamwa. Tsiku lachisanu anaika maliro.

Mulubwa anafika Loweruka lotsatira, dzuwa lili pamutu. Anatsika akumwetulira, m'manja muli mpango wofiira umene anagulira amake. Pageti anaima. Pabwalo panali phulusa lalikulu, pamene azibambo ankawotha moto wa maliro. Mipando inali idakali panja. Ambuya anali pakhonde, kumutu atameta.

Mtsikanayo anayang'ana phulusa, anayang'ana mutu wa Ambuya.

"Amai ali kuti?"

"Ninakuuza pafoni."

"Munati kulibe."

"Ee."

"Ambuya, munati kulibe. Tsiku lililonse nikafika kuchoka ku sukulu mumati kulibe, ali ku Soweto."

Ambuya anali atakonza mawu ambiri, a tiyi wosiyidwa m'kapu, a chikwama chimene anagwira pageti, koma onse anawathawa. Mulubwa anakhala pansi pomwepo, m'mphepete mwa phulusa, mpango uli pamiyendo.

Madzulo ba Kabwe anamutengera kumanda. Nkhope ya amake sanaione, dothi sanaponye, ndipo nkhata zamaluwa zinali zitauma kale. Anamanga mpango uja pamtanda.

Anzake anabwerera m'kalasi kukalemba za ulendo wawo. Ba Ng'andu anabwera kawiri ku Kabwata kudzamupempha, koma Mulubwa sanabwerere ku koleji chaka chimenecho. Tsopano amakhala pathebulo la amake ku Soweto. Makasitomala akale akafika n'kufunsa kuti, "Bana Mulubwa ali kuti masiku yano?" iye sasankha mawu ofewa. Amawayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Anamwalila," kenako amawakulungira nsomba.