Maola Amene Masta Lantei Anafufuta

Dzifa anadziwa kuti tsiku lamuipira atangomva mawu a Masta Lantei akutuluka m'mafoni asanu nthawi imodzi. Pa Circle, mumzinda wa Accra ku Ghana, m'kanjira ka okonza makompyuta, nkhani siinali nkhani mpaka Masta ataiyankhula. Iwo akaona mutu wa nkhani pa intaneti ankakonza kukhosi, kujambula mawu awo pa foni, n'kuponya pa gulu la WhatsApp la okonza onse. Anthu makumi asanu ndi atatu, ena a madigiri awo, ankamvetsera ngati ali m'tchalitchi n'kumayankha ndi tizithunzi ta manja opemphera.

Lolemba limenelo uthenga unali wa madisiki, aja osunga zinthu m'kompyuta. Kampani ina ya kunja inalengeza kuti madisiki ake a mtundu wina amafa okha akangokwanitsa maola 36,000 akugwira ntchito. Sadwala, sachenjeza, amangozima n'kupita ndi zonse zili m'katimo. Masta anati anthu asade nkhawa. Nkhaniyo ikuti amene disiki yake sinafike maola 30,000 angathe kudikira, ndipo madisiki onse a pa Circle akuonetsa maola osakwana chikwi.

Dzifa anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene wapsa mtima. Angalephere bwanji kuonetsa maola ochepa pamene amawafufuta? Aliyense m'kanjirako ankadziwa kuti madisikiwo amafika pa doko la Tema ali akaunjika, atatopa kale m'makampani a kunja. Asanakwere pa shelefu ankayamba adutsa pa tebulo la Masta, pomwe kapulogalamu kena kankabweza nambala ya maola m'mbuyo. Ntchitoyo ankaitcha kusambitsa. Dzifa mwiniyo anasambitsa madisiki osawerengeka m'zaka zinayi zimene anaphunzira ntchito kwa Masta, ndipo sanafunsepo kanthu.

Awiri mwa madisiki amenewo anawaika ndi manja ake kwa Anti Akweley, mayi wojambula zithunzi ku Jamestown. Madzi osefukira anali atawononga mafilimu ndi zithunzi zapapepala za situdiyoyo. Zimene zinapulumuka, za zaka makumi atatu, maukwati, maliro, miyambo yotulutsa makanda, mayiwo anaziika m'kompyuta chimodzichimodzi, ndipo kwina kulikonse kunalibe. Dzifa anawalonjeza kuti ndi madisiki awiri palibe chingatayike, imodzi ikafa inzake itsala. Tsopano anakumbukira kuti onse awiri anachokera m'katoni imodzi, anayatsidwa tsiku limodzi, ndipo sazimitsidwa.

Anatsitsa chitseko cha benchi yake, kashopu kake kogwiriramo ntchito, mpaka pakati, waakye amene anagula, mpunga wophika ndi nyemba, n'kumazizira pambali, nayamba kufufuza pa intaneti. Tsamba loyamba linali ndi ndime zitatu ndi zotsatsa malonda zisanu ndi ziwiri. Lachiwiri linali ndi ndime zomwezo, mutu wokha ndiwo anasintha. Pofika pa lachisanu ndi chinayi Dzifa anali akutukwana chamumtima. Anthu amene sanagwirepo sikuludalaiva, kukopera anzawo amenenso anakopera, onse n'kumadzitcha atolankhani a zamakompyuta! Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa funso la munthu wa pa benchi, lakuti disiki imawerengera kuti maola akewo.

Koma Dzifa anali ndi njira yake. Nkhani iliyonse ankaitsata chobwerera, kuchoka kwa wokopera kupita kwa amene anakoperedwa, mpaka atafika kwa munthu amene anachigwira chinthucho ndi manja. Anapeza chilengezo cha kampani, cholembedwa ngati ndi maloya, chosanena kanthu. Pansi pake panali dzina la bwalo lina la pa intaneti pomwe amakambirana anthu osamala makompyuta akuluakulu a m'mabanki ndi m'masukulu. Kumeneko anawerenga mikangano yawo yaitali, mpaka wina anatchula mayi wina wa kudziko lozizira amene anatsegula madisiki asanu ndi limodzi a mtunduwo n'kulemba zimene anaona. Tsamba la mayiyo linalibe chithunzi kapena malonda, zilembo zakuda zokhazokha. Dzifa atalisindikiza anatuluka masamba khumi ndi limodzi.

Yankho linali pa tsamba lachisanu ndi chitatu. Disiki ili ndi mawotchi awiri. Ina ndi yoonetsa anthu, imene aliyense angathe kuisintha. Inayo ili m'kati mwenimweni, siimva kusambitsidwa, ndipo ndi imene imapha. Mayiyo anafotokoza momwe mungaiwerengere, ndiponso kuti mankhwala ake ndi kapulogalamu ka mphindi khumi, bola disikiyo ikhale ikadali moyo.

Dzifa anaponya nkhani yonseyo pa gulu, nalemba kuti aliyense amene anagulitsa disiki yosambitsa aitane kasitomala wake lero. Uthengawo sunakhale mphindi zitatu. Unafufutidwa, ndipo Fuseini, mlembi wa gulu amene benchi yake inayandikana ndi ya Dzifa, anasuzumira n'kunena motsitsa kuti Masta akumufuna.

Anawapeza atakhala pansi pa fani, magalasi ali pamphumi. Sanamupatse mpando. Anamufunsa ngati tsopano pa Circle pali akuluakulu awiri. Anati gululo si laibulale, anthu ali pa ntchito, ndani angawerenge chimulu cha mapepala chonsecho? Dzifa anaika masamba aja pa tebulo, manja ali kumbuyo monga anaphunzitsidwira, napempha kuti awerenge tsamba limodzi lokha.

"Iwe Dzifa, ine ndinayamba kutsegula makompyuta iwe ukuyamwa," anatero Masta. "Lero undiphunzitse ndi kalata ya mzimayi amene sanapondepo mu Accra muno?"

"Masta, wakutsina khutu ndi mnansi. Madisikiwa adzafa."

"Mnansi amatsina khutu kuseri, osati pamaso pa anthu makumi asanu ndi atatu. Walemba mawu akuti kusambitsa pa gulu. Ukudziwa kuti akatuluka panja mawu amenewo, kanjira konse kano katseka? Ukauza kasitomala ngakhale mmodzi, usadzandipatsenso moni."

Apa ndi pamene Dzifa anamvetsa, ndipo mtima unamuwawa koposa. Sikuti Masta sanakhulupirire zokhazo ayi, ankaopa kuti zingakhale zoona. Koma ntchito zonse zazikulu zinkadzera pa gululo, zipangizo ankabwerekana pa gululo, ndipo amene Masta amukana moni, kanjira konse kankamukana. Anatola mapepala ake, koma Masta anawakankha ndi chala, tsamba limodzi n'kugwera pansi pa tebulo. Dzifa sanawerame kuti alitole.

Anakwera trotro, minibasi ya ku Jamestown, akuyankhula yekha, mpaka mayi amene anakhala naye pafupi anasendera. Ku situdiyo anapeza Anti Akweley akupukuta kamera. Analumikiza laputopu yake, natsata malangizo a pa tsamba lachisanu ndi chitatu. Wotchi yoonetsa anthu inati maola 4,300. Ya m'kati inati 35,949. Disiki inayo inanena chimodzimodzi. Zaka makumi atatu za zithunzi zinatsala ndi masiku awiri ndi maola atatu.

Akanatha kungoika kapulogalamuko mwakachetechete n'kunena kuti anabwera kudzayendera. Koma Anti anali ndi abale ndi anzawo amene anagulanso pa Circle, ena mwa iwo otumizidwa ndi Anti omwewo. Dzifa anawauza zonse, ndi zakuti iye mwini ankadziwa kuti madisikiwo ndi osambitsa tsiku limene ankawaika.

Anti sanakuwe. Anangoti, "Mwana wanga, ndinakupatsa chakudya m'nyumba muno tsiku limenelo. Unadya ukudziwa?" Dzifa anavomera. Manyaziwo anamutentha kuposa mawu onse a Masta, ndipo anasanduka mkwiyo wina, wodzikwiyira yekha.

Masana onse anakopera zithunzi pa disiki ina yatsopano, yogula m'sitolo ili m'pulasitiki wake. Mayina a mafoda ankadutsa pa sikirini, mabanja a ku Jamestown, a ku Osu, a ku Chorkor. Pakati pake panadutsa lina lakuti Lantei ndi Dedei, ukwati. Dedei anali mkazi wa Masta, amene anamwalira chaka chimene Dzifa anamaliza kuphunzira ntchito, mayi amene ankamubisira kelewele, nthochi zokazinga, Masta akamumana nthawi ya chakudya. Dzifa sanatsegule fodayo. Anadikira zonse zithe, naika mankhwala pa madisiki awiri aja, nawonetsetsa kuti apulumuka.

Lachitatu m'mawa nkhani inali itafika kale pa Circle, pakuti Anti Akweley si munthu wosunga mawu m'kamwa. Makasitomala anayamba kubwera ndi mafunso. Dzifa anachotsedwa pa gulu, ndipo Masta anatumiza uthenga wa mawu wa mphindi zisanu ndi ziwiri wonena za ana a masiku ano amene amaluma dzanja lowadyetsa. Dzifa anaumva wonse kudzera m'foni ya Fuseini, pakuti khoma lowalekanitsa ndi la pulayiwudi. Amene ankabwereka mita yake yoyezera magetsi tsiku ndi tsiku anayamba kudutsa akuyang'ana kumwamba. Fuseini yekha anabwera chozemba kudzajambula tsamba lachisanu ndi chitatu ndi foni, n'kupempha kuti asamutchule. Amuna aakulu ndi ndevu zawo, kuopa kuwerenga poyera! Dzifa anamata masamba khumi otsalawo pa chitseko cha benchi yake, ndipo pamwamba analemba ndi cholembera chakuda komwe nkhaniyo inachokera.

Madisiki anayamba kufa sabata yotsatira. Inayamba ya wosindikiza mabuku a maliro ku Adabraka, kenako ya sukulu ina ya mkaka, kenako awiri tsiku limodzi. Dzifa sanasangalale. Aliyense wa anthu amenewo akanapulumuka ndi mphindi khumi.

Lachisanu masana dzuwa lili pamutu, Masta Lantei anaima pa benchi yake. Kanjira konse kanatembenukira kumeneko, ngakhale ogulitsa makava a foni. Anali ndi kanthu kokulunga mu hanki, kansalu kopukutira thukuta. Anakaika pa tebulo n'kukamasula, ndipo inali disiki ya mtundu womwewo. Anati ndi ya kompyuta ya kunyumba kwawo, yazima m'mawa. Anati anaisankha okha pakati pa zabwino, inkaonetsa maola mazana awiri okha. Atanena zimenezo anadzimva okha. Anali atasambitsa katoni yonse tsiku limodzi, n'kusakaniza ndi zatsopano, ndipo pofuna yawo anakhulupirira nambala imene analemba ndi dzanja lawo.

"Muli chiyani?" anafunsa Dzifa, ngakhale ankadziwa.

"Dedei," anatero Masta. "Zonse. Zapapepala zinapita ndi madzi." Anatulutsa m'thumba pepala lopindidwa, lodetsedwa ndi nsapato, tsamba lija linagwera pansi pa tebulo. "Ili ndawerenga. Likuthera pakati. Mzimayiyu akuti chiyani za disiki imene yafa kale?"

"Tsamba lomaliza. Akuti palibe."

Masta anagwira m'mphepete mwa tebulo. Dzifa anali atakonza mawu ambiri m'masiku khumi amenewo, mawu akuthwa, oyenera. Anawayang'ana mkuluyo, amene anamuphunzitsa kugwira chowotcherera mawaya osanjenjemera, ndipo mkwiyo sunachoke, koma mawuwo sanatuluke. Anawauza kuti za m'disikiyo zapita ndithu, za ana, za maulendo, za masiku omaliza a Dedei. Koma za ukwati zili kwa Anti Akweley, pa madisiki a kasitomala amene Masta anamuletsa kumuuza.

Masta anatsegula pakamwa, koma Dzifa anali atayamba kale kumatula mapepala pa chitseko. Anawasanja bwinobwino, naika tsamba lodetsedwalo pamalo pake, nakokera mpando umene iye sanapatsidwe tsiku lija.

"Anti ndikawapempha ine, chifukwa inu sangakulandireni lero. Koma muyambe mwatumiza nkhani iyi pa gulu. Osati mawu anu, Masta. Nkhani yonse, ndi dzina la amene anailemba. Alipo anthu amene madisiki awo akadali moyo."

"Ndi yaitali," anatero Masta motsitsa, ngati munthu wopempha.

"Ndi masamba khumi ndi limodzi. Khalani pansi."

Masta Lantei anakhala. Anatsitsa magalasi kuchoka pamphumi, nayamba tsamba loyamba, chala chikutsata mzere. Disiki yakufa ija inali pomwepo pa hanki, pafupi ndi chigongono chawo, ndipo panalibe amene anaisuntha.